Zala Khumi za a Sabina

Anthu a kwathu kuno kumbali ya Nsaru akamakamba za akulu anga a Sabina amangoti anali mayi wouma mutu. Ine ndimawayankha kuti inde, mutuwo unali wouma, ndipo ukanakhala wofewa ngati yanuyi bwenzi atafera tsidya la dambo. Ndine Olive, mng'ono wawo wa bere limodzi, ndipo zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu.

Tinabadwa atatu. Oyamba anali alongo athu a Adamson, kenaka a Sabina, ine n'kukhala mzime. A Sabina anali woumba mbiya, ndipo lusolo analitenga kwa amayi athu. Mitsuko yawo inkafika mpaka ku Mpingu ndi ku Kabudula pamitu ya amayi amene ankabwera okha kudzaifuna. Amuna awo a Nedson anapita ku Halale mwana wachiwiri ali kumsana, ndipo anatchona. Akulu anga sanataye nthawi ndi kulira. Anangoti dothi la mtapo silitchona, n'kunyamula khasu ndi dengu kupita kukakumba.

Anali ndi kachitidwe kawo kamene kankatopetsa ogula. Mbiya ikapsa n'kuzizira, ankaikhazika pachikhatho n'kuigogoda ndi chala, khutu ali tcheru. Yabwino inkalira kuti ngwee. Yamng'alu, ngakhale mng'aluwo usaoneke, inkangoti phwe, ndipo yoteroyo ankaiswa pomwepo wogula akuchonderera kuti amupatse choncho. "Maso amanama, Olive," ankatero. "Mbiya uziifunsa ndi chala."

Koma kuti mumvetse za akulu anga, ndiyambe ndakuuzani za amayi. Amayi athu anadwala khate ife tili atsikana. Mwambo wake unali wodziwika, ndipo panalibe wofunsa. Anawamangira msasa tsidya la dambo, ife n'kumakasiya chakudya pachulu, kuitana kamodzi, n'kubwerera osacheuka. Zala zawo zinatha chimodzichimodzi, zala zomwe zija zinatiphunzitsa kukulungiza mphika. Atamwalira sanapite kumanda. Akuluakulu ankati wakhate akakwiriridwa nthaka imakwiya ndipo mvula imakana, choncho anawakulunga mumphasa n'kukawapachika pamphanda ya mtengo kunkhalango. Mmodzi mwa onyamula anali a Adamson, ndevu zitangoyamba kumera. Za tsiku limenelo sanakambepo ndi munthu.

Chaka cha 1956, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, akulu anga anali kumtapo ndi amayi anzawo, nsalu atamanga pachifuwa. Onse anali thukuta kamukamu. Mayi wina amene anali kumbuyo kwawo anaona kuti kuseri kwa phewa lamanzere kuli banga lofiirira, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, ndipo pabangapo panali pouma gwa pamene msana wonse unali chonyowa. Mayiyo sananene kanthu kwa eni ake. Anakanena kuchitsime, ndipo pofika madzulo ngakhale nkhuku za m'mudzi zinali zitamva.

M'mawa mwake a Adamson anabwera. Ndiwo anali mwini mbumba wathu, amalume onse atatha, ndipo mawu awo ndiwo anali omaliza pa ife ndi ana athu. Anali mlimi wa fodya wa chikopa, munthu wosaseka wamba. Ankavala jekete lakuda la manja aatali chilimwe ndi dzinja lomwe, moti tinkawanena kuseri kuti fodya wa zaka ziwiri wawasandutsa kalaliki. Anaima patali ngati pakhomopo pali galu woluma, n'kundiuza ine kuti ndiwatembenuze akulu anga. Anayang'ana bangalo kanthawi kochepa chabe.

"Ndi matenda omwe aja," anatero. "Mlongo, mukudziwa mwambo. Ana apita kwa Olive. Ine ndikukadula mitengo."

"Ndi chikanga ichi, alongo," anayankha a Sabina. "Inu mwayang'ana muli uko, n'kuweruza. Ngakhale mphika wa ndiwo sindiuweruza choncho."

"Ndidaona amayi ndi maso angawa."

"Nanenso ndidawaona. Ndidaonanso pachulu paja. Ndikupita kuchipatala akandione odziwa."

"Pitani. Pobwera msasa mudzaupeza utatha."

"Mangani ndithu," anatero akulu anga. "Mwina mudzasungiramo mbuzi."

Anamangadi. Masabata awiri a Adamson anali tsidya la dambo okhaokha, osalola munthu kuwathandiza. Anthu opita kumunda ankabwera akuseka kuti msasa wake ngati nyumba ya aphunzitsi, mitengo ya muwanga, zipinda ziwiri. Ine ndinkapsa mtima kuti munthu angaike luso lonselo pomangira mlongo wake khola. Masiku amenewo palibe amene anawagwira dzanja akulu anga, ndipo ndinene zoona, nanenso ndinkawapatsira madzi ndili chapatali.

Patatha masabata awiriwo tinanyamuka tambala atalira kachiwiri, ulendo wa kukachipatala ka njerwa kumbali ya Kabudula. M'njira ndinawauza zimene ndinamva kwa mayi wina wa kutchalitchi, kuti adokotala amakutsinzinitsa n'kumakukhudza ndi thonje, ndipo ukalephera kuloza pamene akhudza, basi, mlandu wakugwera.

"Nkhanga zidapangana kusanapse, akulu," ndinatero. "Akakhudza pabangapo ine nditsokomola. Inu mungoloza paphewa."

Anaima pakati pa njira n'kundiyang'ana. "Iwe, ndayenda mtunda wonsewu kuti ndikabe? Ndikamunamiza dokotala, khungu langa ndilinamizanso?"

Mumtima ndinati tikaonera komweko.

Amene tinkawatcha adokotala anali a Chikoti, bambo wamfupi wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Sanali dokotala wamkulu ngati azungu a ku Lilongwe, koma kuderako ndiwo anali zonse. Atamva nkhani yathu sanatilowetse m'nyumba. Anati khungu limaonedwa padzuwa, n'kutitengera kuseri kumene kunali mpanda wa udzu ndi benchi. Anasamba m'manja, n'kugwira phewa la akulu anga ndi dzanja lawo lenilenilo, popanda nsalu. Anali munthu woyamba kuwakhudza chiyambire nkhaniyi.

Anayamba ndi nkhope. Anayang'ana nsidze ngati zikusosoka, anapsinya nsonga za makutu ngati zatupa, anawauza kuti atsinzine mwamphamvu n'kuyesa kuwatsegula zikope ndi chala. Anakokera chikope cham'munsi kuti aone ngati magazi alimo okwanira. Kenaka anaika dzanja lamanzere pamsana pawo n'kumagogoda chala chake chapakati ndi chala cha dzanja linalo, kumtunda, kumunsi, uku ndi uku, mutu atapendeketsa.

Akulu anga anaseka. "Adokotala, kodi nanunso mumaumba?"

"Bwanji, mayi?"

"Mukundigogoda ngati mtsuko. Nanga ndalira bwanji?"

"Mwalira bwino," anatero a Chikoti, nawonso akumwetulira. "M'chifuwa mulibe madzi. Chifuwa chodwala chimalira mogontha."

"Wamva, Olive? Ndimakuuza iwe."

Atatero anawagwira chigongono chamanja n'kumafufuza ndi chala kuseri kwa fupa, pamene munthu ukagunda pamachita nyesi mpaka kukachala kakang'ono. Anachitanso chimodzimodzi kumanzere, n'kubwerera kumanja, n'kupitanso kumanzere. Kumwetulira kuja kunachepa. Anati mtsempha wa kumanzere wakulako pang'ono kuposa unzake. Anatenga kapepala n'kukapanikiza pakati pa zala zawo kuti agwire iwo akukoka. Akulu anga anagwira mpaka kapepalako kanang'ambika, manja onse awiri. Zala za woumba si zoseweretsa.

Tsopano anatulutsa thonje, n'kulipota nsonga kuti likhale lopyapyala.

"Mayi, ndikakukhudzani muziloza ndi chala pomwepo. Tiyambe muli chipenyere." Anakhudza pamkono, analoza. Patsaya, analoza. "Tsopano tsinzinani, ndipo musatsegule mpaka nditanena."

Anakhudza pakhosi, analoza msanga. Pamsana, analoza. Pachikhatho, pansonga ya chala chilichonse, analoza monyadira ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Kenaka thonje lija linatera pakati pa banga. Ine ndinatsokomola.

Akulu anga sanakweze dzanja. Ali chitsinzinire anati, "Olive, ukatsokomolanso ukandidikire kumsewu. Adokotala, mundikhululukire, mng'ono wangayu ali ndi chifuwa cha bodza. Bwerezani."

A Chikoti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Manyazi amene ndinachita tsikulo sindinawachitenso moyo wanga wonse. Ndinaluma nsonga ya nsalu yanga.

Anakhudzanso pamkono, analoza. Anakhudza pabanga. Chete. Anakhudza m'mphepete mwake, analoza. Anabwerera pakati, kamodzi, kawiri, katatu, thonje likuyenda pakhungu ine ndikuona ndi maso angawa.

"Yambani, adokotala," anatero akulu anga. "Ndikudikira."

Mawu amenewo mpaka lero amandilasa. A Chikoti anatenga singano n'kubaya pang'ono pabangapo mpaka kadontho ka magazi kanatuluka, koma munthu osanyinyirika. Anabweretsa timabotolo tiwiri, kena ka madzi otentha, kena ka ozizira. Pamkono ankanena molondola, pabanga ankangoti akumva ngati chinthu chikukankha kutali. Atauzidwa kuti atsegule maso anayamba kuyang'ana ine, ndipo nkhope yanga inawauza zonse.

"Mayi, sindikunamizani," anatero a Chikoti. "Ndi khate. Chikanga chimayabwa ndipo chimamva thonje. Banga louma, losatuluka thukuta, losamva singano, pamodzi ndi mtsempha uja, palibenso china."

Akulu anga anatambasula manja awo pamiyendo n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Ine ndiye ndinali mamina ndi misozi.

"Zala zitha liti?" anafunsa.

"Mukandimvera, sizitha. Mwabwera msanga, zala zonse zikumva. Anthu amati khate limadya zala, koma chimene chimadya zala ndi moto, minga ndi mpini wa khasu m'dzanja lomwe lasiya kumva kuwawa. Munthu amapsa osadziwa, bala n'kuola. Masiku ano kwabwera mapiritsi. Muzibwera Lachinayi lililonse kudzamwa, ndipo si za mwezi umodzi, ndi zaka."

"Kwathu andimangira msasa."

"Banga limodzi louma chonchi, munthu ali pamankhwala, palibe chifukwa chokhalira kutchire. Ndikhoza kukulemberani kalata."

"Kalata siimitsa alongo anga. Mundiphunzitse kuyesa zalazi ndekha, kuti zikayamba kugona ndidziwe msanga."

A Chikoti anati thonje likasowa nthenga ya nkhuku imagwira ntchito yomweyo, bola woyesedwayo atsinzine ndipo woyesayo akhale wopanda chifuwa. Apo anandiyang'ananso. Anandionetsa mokhudzira, mopepuka osakanda, ndi malo ake a mtsempha wa pachigongono.

Pobwerera ndinayesanso nzeru zanga zopusa. Ndinati palibe wa kwathu amene analipo, tikangonena kuti adokotala ati ndi chikanga.

"Ndiye Lachinayi lililonse ndizinena kuti ndikupita kuti, kukaona chibwenzi?" anatero. "Amayi adabisa chaka chathunthu. Kudawapindulira chiyani?"

Tinafika dzuwa litapendeka. A Adamson anali atakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi nyumba ya akulu anga, jekete lili pathupi, ndipo abale ena anali ataunjikana chapatali ngati akudikira gule. Akulu anga sanalowe n'komwe m'nyumba. Anaima pakhonde n'kulankhula mokweza kuti asavutike ndi kunong'onezana.

"Ndi khate. Adokotala aliona, ine ndavomera. Ndayamba kumwa mankhwala. Ndipo kumsasa sindipita."

A Adamson anaimirira.

"Mlongo, mukufuna kutha mbumba yonse? Mwambo sudayambe ndi inu."

"Mbale yanga ndidyera ndekha, mphasa yanga ndigonera ndekha, kuchitsime ndizitunga pomalizira ndi chikho changa. Zimenezo ndalola, kuti mitima yanu ikhale pansi. Koma nyumba iyi ndidamata ndi manja anga, ndipo ana anga sadzandisiyira chakudya pachulu. Amene akufuna ndichoke abwere adzandinyamule. Adzayambe wandigwira."

Apo ndiye panali nkhani, chifukwa wofuna kuwagwira panalibe. Anthu anabalalika akung'ung'udza.

Miyezi yotsatirayo inali yowawa, ndisakunamizeni. Ogula mbiya anasiya kubwera. Amayi amene anakulira limodzi ndi akulu anga ankapatuka m'njira n'kulowa m'tchire ngati aona njoka. Mvula itachedwa masabata awiri chaka chimenecho, zala zonse zinaloza nyumba imodzi, ndipo itagwa palibe anabwera kudzapepesa. Koma iwo ankaumbabe. Mitsuko yosawotcha inadzaza khonde mpaka kuseri, chifukwa ankati dzanja likasiya ntchito ndiye limagona. Lachinayi lililonse ankadutsa pakati penipeni pa mudzi, osati njira ya kuseri, akupereka moni kwa aliyense ndi dzina lake, woyankha ndi wosayankha yemwe.

Ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde poyera, kutsinzina, ine n'kumawakhudza ndi nthenga ya nkhuku yoyera chala ndi chala. Tikatha ankakweza manja onse awiri kuloza kunyumba ya a Adamson n'kufuula kuti, "Khumi, alongo! Lero zilipobe khumi!" Ine ndinkachita mantha ndi chipongwe chimenecho, koma ndinkachikondanso. A Adamson ankangolowa m'nyumba.

Zinafika pachimake mwezi wa Epulo chaka chotsatira, nthawi yofukiza fodya. Mwana wa msuweni wathu anatuluka zipere m'mutu, zipere wamba zimene ana onse amatuluka, koma anthu anapita kwa a Adamson kukawauza kuti ngati mwini mbumba walephera anene. Anagwirizana kuti popeza munthuyo sangagwiridwe, asasule denga la nyumba yake. Wopanda denga adzapita yekha kumene kuli denga.

Anabwera m'mawa, amuna anayi, a Adamson ali patsogolo. Ankachokera kubalani kumene ankasonkhezera moto wa fodya, maso ali psu ndi utsi. Ife tinali pakhonde, nthenga ili m'manja mwanga. Sanapereke moni. A Adamson anakweza dzanja lamanja n'kugwira phaso la m'mphepete mwa denga kuti ayambe kukoka, ndipo mkono wa jekete unatsetserekera m'munsi.

Ine ndinkayang'ana denga. Akulu anga ankayang'ana dzanja.

"Alongo," anatero ndi mawu otsika amene sindinawazolowere, "tabwerani kuseri kuno ndikuuzeni mawu amodzi. Mukamva mudzasasule, sindikuletsani. Olive, bwera ndi nthengayo."

Kaya chinawakoka n'chiyani, koma anabwera. Kuseri kunali ife atatu ndi mitsuko.

"Dzanjalo mwapsa liti?"

"Dzanja liti?"

"Tembenuzani."

Anatembenuza. M'mphepete mwa chikhatho, kuyambira pakachala kakang'ono kutsika m'munsi, munali thuza lalikulu lophulika, nyama yofiira ili poyera, phulusa ndi tiudzu ta padenga titamatirira. Ndi bala lomwelo anagwira nalo phaso mwamphamvu osatsinya nkhope. Kachala kakang'onoko ndi kanzake zinali zopindika pang'ono ngati zikhadabo za nkhuku. A Adamson analiyang'ana balalo ngati lili padzanja la munthu wina.

"Tsinzinani, alongo," anatero a Sabina, atalanda nthenga m'manja mwanga.

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Koma bambo wamkulu uja, mwini mbumba, anatsamira chipupa n'kutsinzina. Akulu anga anagwira dzanja lawo, anakhudza chala chachikulu. "Apo," anatero a Adamson. Chamkombaphala. "Apo." Kenaka nthenga inayenda pakachala kakang'ono, kukwera, kutsika, kukweranso. Ulendo uno kukhosi kwanga kunalibe chifuwa. Tinangoona misozi ikutuluka m'maso otsinzinawo.

"Musavutike, mlongo," anatero. "Ndikudziwa kuti mwakhudza. Chino n'chaka chachitatu."

Anavula jekete okha. Mikono yonse iwiri inali ndi mabanga, ena aakulu kuposa la akulu anga. Ine mkwiyo unandikwera mpaka kumutu.

"Ndiye inu mumathamangitsa mnzanu muli ndi zomwezo? Mulibe manyazi?"

"Khala chete, Olive," anatero a Sabina.

"Ndidanyamula amayi ine," anatero a Adamson. "Adali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Pamene ndidaona banga loyamba pamkono wanga ndidati ndibise mpaka ana akule. Litatuluka lanu, ndidadziwa kuti ndikakusiyani m'mudzi anthu ayamba kuyang'ana mbumba yonse, afika pa ine. Koma sindidafune kuti mukakhale nokha ngati amayi. Simudamve kuti ndidamanga zipinda ziwiri? Chinacho n'changa. Ndimati zala zikayamba kuoneka ndikutsatireni."

Mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinakhala pansi pafupi ndi mitsuko n'kulira, kulirira amayi, kulirira munthu wopusayu amene zaka zitatu ankapsa m'jekete dzuwa la Okutobala chifukwa cha mantha.

Akulu anga sanalire ngakhale apa. Anatunga madzi, anatsuka balalo, anang'amba nsonga ya mpango wawo n'kulimanga.

"Zaka zitatu, alongo. Mukadapita nthawi yomweyo bwenzi zala ziwirizi zili zowongoka. Mwambo wanuwo wakudyerani zala ziwiri, ndipo sindilola kuti udye zisanu ndi zitatu zatsalazi. Lachinayi ndi mkuja. Mudzuke msanga, ine sindidikira munthu."

"Nanga anthu ali kukhomowa ndikawauza chiyani?"

"Zimenezo n'zanu. Ine ndidanena zanga nditaima pakhonde."

A Adamson anayang'ana jekete lili pansi. Anawerama kuti alitole, n'kulisiya. Anazungulira nyumba mikono ili pamtunda, ife tikutsatira. Amuna atatu aja ataona anabwerera m'mbuyo mpaka mmodzi anagwera m'dengu la mtapo.

"Denga ili silisasulidwa," anatero a Adamson. "Bwererani kwanu."

Tsiku lomwelo masana akulu anga anatenga nkhwangwa n'kuwoloka dambo, ine ndi ana awo tikutsatira. Anagwetsa msasa uja mtengo ndi mtengo. Tinatuta mitengo ndi udzu maulendo asanu ndi limodzi kudutsa pakati pa mudzi, ndipo mawa lake anaunjika mitsuko yonse ya miyezi isanu ija pabwalo la kuseri n'kuiwotcha ndi nkhuni za msasawo. Muwanga wouma umayaka bwino. Motowo anasonkhezera ndi ndodo yaitali monga anawalangizira a Chikoti, ndipo mitsuko itazizira anaigogoda umodziumodzi. Iwiri yokha ndiyo inalira phwe.

Musaganize kuti mudzi unasintha tsiku limodzi. Mabanja awiri anasamuka. Mbiya zinakhala zaka ziwiri osagulidwa ndi munthu wa pafupi, ndipo tinkadya za kumunda basi. Koma wolamula kuti wakhate achoke anayenera kukhala mwini mbumba, ndipo mwini mbumbayo Lachinayi lililonse ankaoneka panjira ya ku Kabudula ali pambuyo pa mlongo wake, jekete atalisiya kunyumba. Patapita nthawi amayi ena anayamba kubwera kuseri kwa nyumba ngati akudzaona mitsuko, kenaka n'kutsitsa nsalu paphewa. Akulu anga ankatulutsa nthenga. Womva ankamuuza kuti akasambe bwino asiye mantha, wosamva ankamuuza kuti adzuke msanga Lachinayi. Sankadzitcha dokotala. Ankati iwo amangogogoda, woweruza ali ku Kabudula.

Banga lawo linazilala patapita zaka zinayi, ngakhale pakati pake sipanabwererenso kumva. A Adamson zala ziwiri zija zinakhala chopindika mpaka imfa yawo, koma zina zonse anapita nazo. Tsidya la dambo sikunamangidwenso msasa, ndipo pamalopo pano pali dimba la mdzukulu wanga.

A Sabina anamwalira ali nkhalamba ya imvi, ndi chifuwa wamba cha m'nyengo yozizira. Ndinawasambitsa ndine. Amayi anzanga atatuluka kukatenga nsalu, ndinagwira manja awo n'kuwerenga zala monga tinkachitira pakhonde paja, ndipo ndinanena mokweza kuti akunja amve. Zinali khumi. Adzukulu anakumba manda pakati pa abale awo, ndipo mvula chaka chimenecho inagwa pa nthawi yake.